Mafunso ndi mayankho: felemu ya aluminiyamu yakale ndi yatsopano pa njinga za mpikisano

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu a kuno ku Kasungu amafunsa kawirikawiri akapeza njinga ya mpikisano ya kaunjika, kaya pa boma pompano, ku Lilongwe, kapena kwa wachibale amene wabwera nayo kuchokera ku Johannesburg. Zitsanzo zambiri tazitenga pa njinga za CAAD za kampani ya Cannondale chifukwa mibadwo yake ili ndi manambala osavuta kutsatira, koma zimene zanenedwazi zikukhudzanso Allez ya Specialized, Émonda ALR ya Trek ndi zina zofanana nazo.

Kodi felemu yakale ndi iti, ndipo yatsopano ndi iti?

Mafelemu a aluminiyamu anayamba kufala m'zaka za m'ma 1970, pamene kampani ya ALAN ya ku Italy ndi ya Vitus ya ku France zinkalumikiza mapaipi opyapyala ndi guluu wamphamvu. Amenewo ndi osowa kuno, choncho sitiwakambanso. Cannondale inatulutsa njinga yake yoyamba ya aluminiyamu mu 1983, ya mapaipi onenepa owotcherera, ndipo pofika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 akatswiri ambiri ankakwera aluminiyamu. Marco Pantani anapambana mpikisano wa Tour de France mu 1998 atakwera Bianchi ya aluminiyamu, ndipo kuchokera pamenepo opambana onse akhala akukwera njinga za kaboni (ulusi wa kaboni woumbidwa ndi guluu, osati chitsulo).

Kwa munthu wogula lero, nkothandiza kugawa mafelemuwa patatu. Pali akale, a zaka za m'ma 1990 mpaka cha m'ma 2009, monga CAAD3 mpaka CAAD9. Pali apakati, monga CAAD10 imene inatuluka mu 2010 ndi CAAD12 ya mu 2015. Nambala 11 anaidumpha. Ndiye pali atsopano, kuyambira CAAD13 ya mu 2019, Allez Sprint ya mu 2022 ndi Émonda ALR ya mu 2023, amene anapangidwa poganizira mabuleki a disiki, matayala aakulu ndi kuchepetsa kulimbana ndi mphepo.

Ndingadziwe bwanji kuti felemu ndi ya aluminiyamu, komanso kuti ndi ya m'badwo uti?

Tengani maginito. Ikakakamira pa paipi ndiye kuti felemuyo ndi yachitsulo, ngakhale itamatidwa dzina la kampani yotchuka chotani, ndipo zomata zoterezi zimagulitsidwa paliponse. Ikapanda kukakamira, yang'anani polumikizira mapaipi. Pa aluminiyamu pamaoneka mzere wotupa wa powotcherera, ngakhale kuti Cannondale ndi makampani ena amasalaza mzerewo mpaka kukhala ngati palibe. Mukagogoda paipi ndi chikhadabo, aluminiyamu amalira mokweza, pamene kaboni amamveka mogontha.

M'badwo umaoneka ndi maso. Felemu yakale imakhala ndi mapaipi ozungulira, nthambo zonse zili panja, paipi yapamwamba yogona mowongoka kapena yopendekera pang'ono, ndipo timapaipi tiwiri totsikira ku wilo lakumbuyo timayambira pamwamba penipeni, pansi pa chishalo. Pa yatsopano timapaipi timeneti timayambira m'munsi ndithu, mapaipi akuluakulu ndi ophwatalala kumbuyo kwake, ndipo nthambo zimalowa mkati. Pa CAAD pali chizindikiro china: CAAD9 ndiyo inali yomaliza kupangidwira ku Bedford, m'chigawo cha Pennsylvania ku America, ndipo inkalembedwa zimenezo pa felemu, pamene kuyambira CAAD10 ntchitoyi inasamukira ku Asia. Nambala ya felemu imasindikizidwa kunsi, pamene pamadutsa ekiselo ya mapedulo. Ngati yapalidwa, njingayo isiyeni, chifukwa mwina ndi yobedwa.

Bwanji anthu amati aluminiyamu wakale amaphwanya thupi?

Akunena zoona, koma chifukwa chake si chimene ambiri amaganiza. Aluminiyamu amalemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwa chitsulo, ndipo amapindikanso mosavuta katatu kuposa chitsulo. Kuti felemu isamawende munthu akamapalasa mwamphamvu, komanso kuti isatope msanga, opanga anakulitsa mapaipi m'mimba mwake. Paipi yonenepa siipindika, ndipo m'zaka za m'ma 1990 ankanenepetsa paliponse, ndi kumbuyo komwe, kotero kuti bampu iliyonse inkafika m'chiuno mwa wokwera momwe yabwerera. Pamwamba pa izo, njingazo zinkavala matayala a mamilimita 20 kapena 23 opopedwa mpaka kuuma gwa.

Chimene chinasintha ndi luso loumba mapaipi. Masiku ano paipi amaiika m'chikombole n'kuipopera madzi kapena mafuta mwamphamvu kwambiri mpaka itatenga maonekedwe a chikombolecho, ndipo khoma lake amalisiya lochindikala kumapeto, kumene kudzawotcheredwe, koma lopyapyala pakati, mwina osafika milimita imodzi. Motero wopanga amatha kulimbitsa pamene pakufunika mphamvu, n'kufewetsa timapaipi takumbuyo kuti tizimeza kugwedezeka. Kusiyana kwa CAAD5 ndi CAAD10 pa nkhani imeneyi kumamveka ndithu m'thupi. Kusiyana kwa CAAD12 ndi CAAD13 nako kulipo, koma mbali yaikulu imachokera ku tayala osati ku aluminiyamu, monga tifotokozere m'munsimu pa nkhani ya kukula kwa tayala.

Kodi yatsopano ndi yopepuka kuposa yakale?

Osati nthawi zonse. Malinga ndi Cannondale, felemu ya CAAD10 inkalemera magalamu pafupifupi 1,150, ya CAAD12 inatsika pang'ono kufika cha m'ma 1,100, koma ya CAAD13 inakweranso chifukwa mapaipi odula mphepo amadya aluminiyamu wambiri. Mukaonjezapo mabuleki a disiki, njinga yonse yatsopano nthawi zambiri imalemera kuposa yapakati ya mtengo wofanana. Kusiyanaku sikufika ngakhale pa botolo limodzi la madzi, ndipo m'dera lathyathyathya ngati lathu lino, kumene munthu amachoka pa boma kukafika ku Chinkhoma osakumana ndi chitunda choti n'kuimirira pa mapedulo nthawi yaitali, magalamu 100 si nkhani yoti n'kulipirira ndalama.

Nanga liwiro? Akuti yatsopano imadula mphepo.

Cannondale inanena kuti mapaipi a CAAD13 amalimbana ndi mphepo mocheperako mpaka ndi 30 peresenti poyerekeza ndi mapaipi ozungulira. Chiwerengerochi ndi cha mapaipi okha. Pa mphepo yonse imene imabweza njinga ndi wokwera, pafupifupi magawo atatu mwa anayi amagwera pa thupi la munthu, ndipo chotsalacho amagawana mawilo, foloko, chiwongolero ndi felemu. Wothamanga pa liwiro la makilomita 35 kapena 40 pa ola pa mpikisano adzapindulako masekondi, ndipo kwa iye masekondiwo ndi ofunika. Koma amene akulimbana ndi mphepo ya mwera mu Julaye pa msewu wa M1 atavala malaya okupiza adzapindula kwambiri akavala chothina ndi kuwerama bwino kusiyana ndi kusintha felemu.

Kodi kusiyana kwakukulu kwenikweni kuli pati?

Kuli pa kukula kwa tayala limene felemu ingalandire, ndipo kwa ife a ku Kasungu nkhani imeneyi ikuposa zina zonse. Mafelemu akale ambiri anapangidwira tayala la mamilimita 23, ndipo la 25 limalowa movutikira. CAAD10 imalandira la 25 bwinobwino. CAAD12 inalola la 28. CAAD13 ya disiki inalola la 30, Allez Sprint ya mu 2022 la 32, ndipo Allez wamba ya mu 2023 imafika pa 35.

Mamilimita asanu amaoneka ochepa, koma mpweya umene tayala limanyamula umachuluka kwambiri likakula pang'ono chabe, ndipo mpweyawo ndiwo umateteza rimu ndi thupi. Munthu wa makilogalamu 70 ayenera kupopa tayala la 23 mpaka cha m'ma 100 psi (muyezo wa kuuma kwa mpweya m'tayala) kuti chubu isalumidwe ndi rimu akagunda dzenje, pamene la 30 lingayende pa 60 kapena 70 psi popanda vuto. Aliyense amene wakwerapo njinga pa misewu yathu akudziwa zimene zimachitika lole ikatulukira kumbuyo ikuliza hutala: umatsika pa phula n'kugwera m'mphepete modyekadyeka, mmene muli miyala ndi mchenga, ndipo tayala lopyapyala louma limaphwa pomwepo kapena kutsetsereka. Chubu yolumidwa motero imakhala ndi timabowo tiwiri toyandikana, ndipo amene amamata machubu pa boma amatizindikira asanafunse n'komwe kuti zachitika bwanji.

Palinso nkhani yakuti phula lathu silifika pakhomo. Wokhala ku Chamama, ku Wimbe kapena chakumadzulo kulowera ku Lifupa ayenera kuyenda pa fumbi asanafike pa msewu waukulu, ndipo pa mabampu a msewu wafumbi tayala la 23 limasanduka chilango. La 30 kapena 32 silisandutsa njinga ya mpikisano kukhala ya m'tchire, koma limapangitsa makilomita amenewo kukhala otheka.

Musadalire nambala yolembedwa pa tayala yokha, chifukwa tayala lomwelo limakula likavala rimu yotakata. Lipopeni, libwezereni pa njinga, ndipo onetsetsani kuti patsala mpata wa mamilimita anayi mbali zonse: pakati pa timapaipi tapansi kuseri kwa mapedulo, kunsi kwa buleki ndi kunsi kwa foloko. Mpata ukachepa, matope a nyengo ya dzinja amamatirira pa tayala n'kumapala penti, kenako aluminiyamu weniweniyo. Timapaipi tapansi tokhala ndi kamseu konyezimira mkati mwake, kopalidwa ndi tayala, ndi chizindikiro chakuti mwini wake wakale anakakamiza tayala lalikulu, ndipo khoma la pamenepo latsala lopyapyala.

Kodi tayala la "28" la njinga zathu za masiku onse lingalowe?

Ayi. Tayala la 28 x 1½ (manambala amenewa ndi mainchesi, osati mamilimita) la njinga zakabaza ndi zonyamulira katundu limavala rimu ya mamilimita 635, pamene njinga ya mpikisano imafuna 700C, imene rimu yake ndi ya mamilimita 622. Njinga zina zakale kwambiri zili ndi rimu ya mainchesi 27, imene ndi mamilimita 630, ndipo nayonso siigwirizana ndi ziwiri zinazo. Yang'anani manambala awiri olembedwa m'mbali mwa tayala, monga 28-622: yoyamba ndi kunenepa kwake, yachiwiri ndi rimu. Machubu akenso amakhala ndi valavu yopyapyala ya Presta, choncho mukapita ku Lilongwe gulani angapo nthawi imodzi.

Mabuleki a disiki kapena a pa rimu: abwino ndi ati kwa ife?

Pa kugwira kwake, disiki ikuposa, makamaka mvula ikamagwa ndiponso pa fumbi, ndipo siidya rimu. Buleki ya pa rimu ikakumana ndi mchenga imapala khoma la rimu pang'onopang'ono mpaka kulisiya lolowa mkati. Mukagoneka rula m'mbali mwa rimu n'kuona kuwala pakati, rimuyo yatsala pang'ono kung'ambika. Disiki ndiyonso imachotsa buleki yokumbatira tayala, chotchinga chimene chinkaletsa matayala aakulu.

Koma buleki iyenera kukonzeka kumene mumakhala. Ya pa rimu imafuna nthambo ndi tilabala tiwiri, zinthu zimene mmisiri aliyense wa pansi pa mtengo amazidziwa. Ya disiki yamafuta imafuna mapadi a mtundu wake weniweni, mafuta ake enieni ndi zida zochotsera mpweya. Kampani ya Shimano imagwiritsa ntchito mafuta a mineral, pamene mabuleki a njinga za pamsewu a kampani ya SRAM amafuna a DOT, mtundu wa mafuta a buleki ya galimoto, ndipo kuthira mafuta a buleki ya galimoto mu Shimano kumatupitsa tilabala tamkati n'kupha buleki yonse. Pakati pa ziwirizi pali disiki ya nthambo, imene imabwera pa njinga zatsopano zotsikirapo mtengo. Siigwira ngati yamafuta, koma kwa munthu wokhala kutali ndi Lilongwe ndi yosavuta kukhala nayo.

Chenjezo lina ndi lakuti makampani akusiya mabuleki a pa rimu. Shimano 105 (gulu la magiya ndi mabuleki) ya magiya 11, imene inatuluka mu 2018, ndiyo inali yomaliza ya 105 kukhala nawo, ndipo ya magiya 12 ya mu 2022 ndi 2023 ndi ya disiki yokha. Izi siziyenera kukuopsani, chifukwa magulu ena a Shimano, Claris, Sora ndi Tiagra za pa rimu, zachuluka padziko ndipo zakaunjika zidzapezeka kwa zaka zambiri.

Ndikagula felemu yatsopano, ndingasamutsirepo mawilo ndi magiya a njinga yanga yakale?

Zina zidzasamuka, zambiri ayi. Felemu ya mabuleki a pa rimu ili ndi mpata wa mamilimita 130 kumbuyo ndipo wilo limamangidwa ndi quick release, kandodo kopyapyala kokhala ndi chogwirira chotsekera ndi dzanja. Ya disiki yoyambirira, monga CAAD12 ya disiki, inali ndi 135, koma yatsopano ili ndi 142 ndi thru-axle, ekiselo yonenepa mamilimita 12 imene imapotedwa mu felemu momwemo. Mawilo anu akale alibenso pomangira disiki. Ngati mabuleki atsopano ndi amafuta, zogwirira zosinthira magiya ziyeneranso kusintha, ndipo zimenezo ndi zina mwa zipangizo zodula kwambiri pa njinga yonse. Chishalo, mapedulo, chiwongolero, tcheni ndi magiya akumbuyo nthawi zambiri zimasamuka.

Felemu yachitsulo yakale ya mpata wa 126 amaikanula pang'ono kuti ilandire wilo la 130, ndipo amisiri ena amafuna kuchita chimodzimodzi ndi aluminiyamu. Musalole. Aluminiyamu wopindidwa mokakamiza amafooka pomwepo.

Njinga yanga imalira pansi ndikamapalasa mwamphamvu. Kodi felemu yatha?

Kawirikawiri ayi, vuto limakhala pa bottom bracket, malo a mabelingi pamene pamadutsa ekiselo ya mapedulo, ndipo pano m'badwo wapakati ndiwo uli ndi mbiri yoipa. Mafelemu akale ambiri anali ndi mazinga m'bowo la pamenepo, ndipo makapu a mabelingi ankapotedwa n'kukhazikika. Mu 2000 Cannondale inayambitsa BB30, imene mabelingi ake amakhomeredwa mwachindunji m'bowo la mamilimita 42 lopanda mazinga, ndipo m'zaka zotsatira makampani ambiri anatengera njira zofanana nayo. CAAD10 ili ndi BB30, pamene CAAD12 ndi CAAD13 zili ndi BB30A, yotakata mamilimita 73 m'malo mwa 68. Njirayi ndi yopepuka, koma bowo likangokula pang'ono kwambiri, kapena fumbi likalowa, belingi imayamba kugwedera n'kumalira. Fumbi lofiira la mu Seputembala ndi Okutobala limafulumizitsa zimenezi.

Mankhwala ake ndi kuchotsa mabelingi ndi chida choyenera, kupukuta, kupaka girizi ndi kukhomera atsopano mowongoka pogwiritsa ntchito bawuti yaitali ndi mawashala. Hamala ndi tchizulo ndizo zimawononga mabowowa, ndipo bowo lokulitsidwa silibwerera. Palinso makapu apadera amene amapotana okhaokha mkati mwa bowolo, ndipo amathetsa kulira pa mafelemu ambiri. N'zochititsa chidwi kuti opanga ena anabwerera ku mazinga: Allez Sprint ya mu 2022 ili ndi mazinga achikale, ndipo Émonda ALR ya mu 2023 ili ndi mazinga aakulu a T47. Musanaimbe mlandu bottom bracket, mangani kaye mapedulo, chishalo ndi mawilo, chifukwa mapaipi aakulu a aluminiyamu amakuza phokoso lililonse n'kulimveketsa ngati likuchokera pansi. Kulirako kukapitirira, werengani funso la ming'alu.

Kodi paipi ya chishalo ndi nthambo zamkati zili ndi vuto lanji?

Vuto lake ndi la masipeya. CAAD10 imalandira paipi ya chishalo yozungulira ya mamilimita 27.2, imene ndi yofala kwambiri padziko lonse. CAAD12 inatsikira pa 25.4 kuti paipiyo izipindika pang'ono n'kufewetsa ulendo. CAAD13 ili ndi paipi yophwatalala kumbuyo ndi kachitsulo komangira kobisika mkati mwa felemu, ndipo palibe china chingalowe m'malo mwa ziwirizi. Kachitsuloko kakatayika, njinga imakhala m'nyumba mpaka wina atabwera nako kuchokera kunja, ndipo chiyambire pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 aliyense akudziwa mmene zoitanitsa kunja zikupwetekera. Mukamagula felemu yotere, onetsetsani kuti paipi ndi chomangira chake zilipo.

Nthambo zamkati zimatetezeka ku fumbi, ndipo zimenezo ndi zabwino. Posintha, mangirirani ulusi ku nthambo yakale musanaisolole kuti ulusiwo udzakokere yatsopano. Mafelemu atsopano kwambiri amadutsitsa nthambo m'mabelingi a chiwongolero, kotero kuti kusintha belingi imodzi kumafuna kumasula mabuleki onse. Kwa wokwera wa kuno, kukongola kumeneko sikukwanira pa ntchito imene kumabweretsa.

Akuti aluminiyamu amatopa. Ndiye felemu ya zaka 15 ndi yotha ntchito?

Kutopako ndi koona. Mukapinda waya uku ndi uku kambirimbiri amaduka ngakhale simunamukoke mwamphamvu, ndipo aluminiyamu amawerengera kupindika kulikonse, ngakhale kochepa kwambiri, pamene chitsulo chimapirira kupindika kwakung'ono popanda malire. Koma chimene chimatopetsa felemu ndi mtunda, kulemera kwa wokwera, misewu ndi ngozi, osati kalendala. Njinga zambiri zakaunjika zinakhala zaka m'magalaja a ku Ulaya osakweredwa, ndipo felemu yotere ya mu 2008 ingakhale yathanzi kuposa ya mu 2020 imene yathamanga mipikisano n'kugwapo kangapo.

Pano yakale ili ndi ubwino umodzi. Makoma a mapaipi ake, makamaka pa njinga zotsika mtengo, ndi ochindikala ndipo amapirira kugundidwa, pamene paipi yapamwamba ya felemu yopepuka imatha kulowa mkati chiwongolero chikangoimenya njinga itagwa. Amene amakweza njinga pamwamba pa minibasi kapena kuimangirira kumbuyo pamodzi ndi matumba a chimanga ayenera kukumbukira zimenezi, ndipo chingwe chisadutse pakati pa paipi pamene khoma ndi lopyapyala.

Aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira, koma amadyeka. Thukuta likamadonthera pa paipi yapamwamba, penti imatupa ndipo kunsi kwake kumapezeka ufa woyera. Ufa womwewo ndiwo umamatiriza paipi ya chishalo mu felemu mpaka kukanika kuzuka, choncho izuleni ndi kuipaka girizi kamodzi pa chaka, mvula isanayambe.

Ming'alu ndiyang'ane pati pogula?

Tsukani njinga kaye, chifukwa fumbi limabisa zambiri, ndipo iyang'aneni padzuwa. Mng'alu wa kutopa umaoneka ngati katsitsi kakuda kamene sikachoka mukapukuta, ndipo kawirikawiri umayambira m'mphepete mwa powotcherera. Yambani kunsi kwa paipi yaikulu pamene imakumana ndi paipi ya kutsogolo, popeza ndi pamene pamalandira mphamvu njinga ikagunda dzenje. Pitani pozungulira bottom bracket, makamaka pamene timapaipi tapansi timayambira, kenako pa mpata wodulidwa pamwamba pa paipi yolowamo chishalo, pa mabowo a mabawuti a botolo, ndi pomangira wilo lakumbuyo. Penti yokwinyika kuseri kwa paipi ya kutsogolo imasonyeza kuti njinga inawombapo chinthu chamutu.

Foloko ya njinga zimenezi nthawi zambiri ndi ya kaboni. Pa zakale zambiri paipi yake yolowa mu felemu ndi ya aluminiyamu, koma pa zatsopano zambiri ndi kaboni yekhayekha, ndipo ndi bwino kuisolola kuti muone ngati ili ndi mzere wodyeka kapena poyera ngati pophwanyika. Mwini njinga akakana kuti musolole foloko, chotsani mtengo wa foloko ina pa ndalama zimene mukupereka.

Felemu yang'aluka. Kodi owotcherera a pa boma sangaikonze?

Funso limeneli limabwera kwambiri chifukwa tinazolowera njinga zachitsulo, zimene zikathyoka zimawotcheredwa m'mawa n'kunyamula matumba madzulo. Aluminiyamu ndi wosiyana pa zifukwa ziwiri.

Choyamba ndi makina. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri pafupifupi 660, koma kachikopa kamene kamakuta pamwamba pake sikasungunuka mpaka kupitirira madigiri 2,000, ndipo iye safiira akatentha kuti mmisiri adziwe pamene wafika. Pamafunika makina a TIG ndi mpweya wa argon, osati makina a ndodo owotcherera mageti ndi mawindo, amene amangoboola paipi yopyapyala.

Chachiwiri, chimene ngakhale mmisiri wa TIG sangachithawe, ndi kukhwimitsa. Mafelemu ambiri ndi a aluminiyamu wa 6061 kapena wachibale wake 6069, ndipo mphamvu yake imachokera ku kuphikidwa: akamaliza kuwotcherera ku fakitale, felemu yonse amailowetsa mu uvuni wa madigiri pafupifupi 530, kuiziziritsa mwadzidzidzi, kuiwongola, kenako kuiphikanso kwa maola angapo pa madigiri osafika 200. Moto wa kuwotcherera kwatsopano umafafaniza kukhwimako mozungulira chilondacho, ndipo mphamvu ya pamenepo imatsika ndi gawo limodzi mwa atatu kapena kupitirira. Powotchererapo pamaoneka bwino, koma felemu imadzang'aluka chapafupi pomwepo, ndipo ikakhala paipi ya kutsogolo zimachitika munthu ali pa liwiro. Aluminiyamu wa 7005, amene ali pa mafelemu ambiri akale, amabwezeretsa mbali ya mphamvu yake payekha pakapita masabata, choncho amakhululukirako pang'ono, komabe si wodalira pa malo onyamula moyo wa munthu. Felemu yong'aluka kutsogolo kapena pa paipi yaikulu ichotsedwe zipangizo n'kupumitsidwa.

Ndingaikepo kaliyala yonyamulira katundu kapena munthu?

Munthu ayi, pa m'badwo uliwonse. Mafelemu a mpikisano enieni alibe mabowo a kaliyala, ndipo kumanga zitsulo zofinya pa timapaipi topyapyala kumatiphwanya. Allez wamba ndi Contend ya Giant za zaka zaposachedwa zili ndi pomangira madigadi kapena kaliyala yopepuka ya chikwama, ndipo CAAD13 ili ndi pomangira madigadi. Ntchito ya matumba a fodya ndi feteleza isiyireni njinga yachitsulo yonga Buffalo, imene inapangidwira zimenezo.

Ndili ndi CAAD10 yabwinobwino. Kodi ndiigulitse kuti ndigule CAAD13?

Ngati mumakwera pa phula lokhalokha, monga kuchoka pa boma kupita ku Mtunthama kapena kulowera ku Santhe, ndipo tayala la 25 silikukuvutitsani, khalani nayo. Ndalama za kusinthako zikagula matayala abwino, machubu, tcheni ndi mawilo olimba zidzakupindulirani koposa, ndipo mudzakhala ndi njinga imene paipi yake ya chishalo, nthambo ndi mabuleki zimapezeka mosavuta. Ngati ulendo wanu uliwonse uli ndi makilomita a fumbi, kapena mwatopa ndi kumata machubu olumidwa, felemu ya disiki yolandira tayala la 30 kupita m'mwamba ndi kusintha kwenikweni, bola muwerengere pamodzi mtengo wa mawilo ndi mabuleki monga tanenera pa funso la kusamutsa zipangizo. Kwa amene akugula koyamba ndipo wapeza zonse ziwiri, maganizo athu ndi akuti felemu yapakati yolandira 28, ya mabuleki a pa rimu, ndiyo imagwirizana kwambiri ndi misewu ndi mashopu amene tili nawo. Koma saizi iyambe: njinga zakaunjika zambiri zimabwera zazikulu, za 56 ndi 58, ndipo munthu wamtali mamita 1.68 amafunika cha m'ma 52, m'badwo uliwonse umene angasankhe.

Kachitsulo kogwira magiya akumbuyo kapindika. Nditani?

Kachitsulo kameneka, kotchedwa hanger, kanapangidwa dala kofewa kuti njinga ikagwera kumanja kapindike ikoko m'malo mwa felemu. Pa mafelemu ambiri a aluminiyamu kamamangidwa ndi timabawuti ting'onoting'ono ndipo kamasinthika, koma pa ena akale kwambiri ndi mbali ya felemu yeniyeniyo, ndipo kakathyoka pamenepo nkhani imabwerera ku funso la kuwotcherera. Kopindika pang'ono kangawongoledwe kamodzi, mofatsa, wilo lili pomwepo. Kachiwiri kawirikawiri kamaduka. Musakwere kali kopindikira mkati, chifukwa mukasinthira ku giya yaikulu chosinthira magiya chimalowa m'masipoko n'kuwononga wilo.

Mahanger alipo mitundu mazanamazana, ndipo ngakhale m'banja limodzi la CAAD amasiyana malinga ndi m'badwo komanso ngati felemu ndi ya quick release kapena ya thru-axle. SRAM inayambitsa hanger imodzi yofanana, ya UDH, mu 2019, koma inayambira pa njinga za m'mapiri ndipo mafelemu a pamsewu amene tikukambawa alibe. Poitanitsa, masulani kachitsuloko, kagonekeni pa pepala loyera pambali pa rula, kajambuleni mbali zonse ziwiri kuti mabowo a mabawuti aoneke, ndipo tumizani chithunzicho pamodzi ndi dzina la njinga ndi chaka chake. Itanitsani tiwiri, chifukwa mtengo wotumizira ndi womwewo.